MTENGO WA CIKOPA, WA MANJA NDI WA DZINA

Phunziro la akulu ndi acinyamata pa za zokometsera za mtengo wapatali

1. CIKWAMA CAKALE CA KU PARIS

Pa 10 July caka ca 2025, mu mzinda wa Paris m'dziko la France, anthu anasonkhana m'nyumba ya Sotheby's, imene nchito yace ndiyo kugulitsa katundu pa okushoni, monga fodya agulitsidwira ku Limbe ndi ku Kanengo: wochula mtengo woposa anzace ndiye atenga katunduyo. Tsiku limenelo panagulitsidwa cikwama cakuda cacikopa, ca mtundu umene akazi anyamula m'manja. Sicinali catsopano ai. Cinali cakale ndi cokalikakalika, cokhala ndi zipsera pamene mwini wace ankamatapo timapepala, ndipo pa lamba wace panalendewera kacitsulo kowengera zikhadabo. Atapikisana ogulawo kwa mphindi ngati khumi, kampani ina ya ku Japan inacitenga ndi mayuro 8.6 miliyoni, ndiwo madola a ku America oposa 10 miliyoni.

Cikwamaco cinali coyamba ca mtundu wace. Nyumba ya malonda yochedwa Hermès inacisokera, ca m'ma 1984, mkazi wina wa ku England wokhala ku France, dzina lace Jane Birkin, amene anachuka ndi kuimba ndi kusewera m'mafilimu, namwalira m'caka ca 2023. Kuyambira pamenepo zikwama zonse za maonekedwe amenewo zichedwa Birkin, ndipo catsopano cotsika mtengo koposa cigulidwa ndi madola oposa 10,000. Cuma conse ca dziko la Malawi ca caka cimodzi cikagawidwa mofanana kwa anthu ace onse, munthu mmodzi salandira ngakhale madola 1,000. Ndiye kuti cikwama cimodzi cimeza gawo la munthu mmodzi la zaka zoposa khumi.

Wakumva zimenezi angathe kuseka, kapena kupsa mtima, kapena kusirira; koma zitatu zonsezi sizimphunzitsa kanthu. Cofunika ndico kufunsa modekha kuti, kodi wogulayo agula ciani? Pakuti zinthu zimenezi, ndizo zikwama, malamba, mipango, mawochi, magalasi a dzuwa, nsapato ndi mafuta onunkhira, sizinatsalire ku Ulaya kokha. Zithunzi zace zafika kale m'mafoni a ana a sukulu, ndipo zofanizira zace zapacikidwa m'misika ya ku Limbe, ku Lilongwe ndi ku Chipata. Mtengo wa cinthu cotere uli ndi magawo atatu: gawo la cikopa, gawo la manja amene anacisoka, ndi gawo la dzina lolembedwapo. Munthu wodziwa kusiyanitsa magawo atatuwa sanyengeka msanga.

2. KUMENE MAINA AMENEWA ANACOKERA

Maina amene lero achulidwa ngati a mafumu anali poyamba maina a amisiri obvala zigamba za nchito. Thierry Hermès anatsegula nyumba yace ku Paris m'caka ca 1837, ndipo nchito yace inali kusoka zingwe zomangira akavalo ku magareta. Cingwe cotere cikaduka pa liwiro, anthu afa. Cifukwa cace kusoka kwace kunayenera kukhala kolimba koposa. Mwana wace Charles-Émile anasamutsira nchitoyo ku msewu wa Faubourg Saint-Honoré m'caka ca 1880, pamene sitolo yao ikali kufikira lero, nawonjezapo kusoka zishalo. Koma galimoto itafika, akavalo anayamba kucepa m'misewu, ndipo zidzukulu za Thierry zinaona kuti zikaumirira pa zishalo zidzagona ndi njala. Tsono zinatenga luso lomwelo ndi kuyamba kusoka zikwama, malamba ndi zobvala za m'manja. Ndipo m'caka ca 1937 nyumbayo inaturutsa mpango wace woyamba wa silika.

M'caka ca 1956 m'manyuzipepala munaoneka cithunzi ca Grace Kelly, mkazi wa m'mafilimu amene anakwatiwa ndi mfumu ya dziko laling'ono la Monaco, atanyamula cikwama ca Hermès. Akazi olemera anayamba kufunsa m'sitolo cikwama conga ca Kelly, ndipo eni malonda anaphunzirapo kuti nkhope ya munthu wochuka igulitsa katundu kuposa mau ali onse.

Mbiri ya Louis Vuitton iri yofanana. Iye anabadwa m'caka ca 1821 m'mudzi wa kumapiri a kum'mawa kwa France, ndipo akali mnyamata anayenda pansi ulendo wa makilomita oposa 400 kumka ku Paris, akugwira ganyu m'njira. Kumeneko anagwira nchito zaka 17 kwa mmisiri wa mabokosi a paulendo, natsegula nyumba yaceyace m'caka ca 1854. Mabokosi a nthawi imeneyo anali ndi zibvundikiro zokhota. Iye anapanga ace osalala pamwamba, kuti athe kusanjikizana m'sitima za pamtunda ndi za pamadzi. Ena ataona kuti akugulidwa, anayamba kuwafanizira. Ndipo m'caka ca 1896 mwana wace Georges, pofuna kuwatsekereza, anadzaza nsaru ya mabokosiwo ndi malemba a L ndi V pamodzi ndi timaluwa, ndico cizindikiro cimene cioneka lero ponseponse.

Pamenepo dzina linali lonjezo. Linkatanthauza kuti, cinthuci cikaonongeka, wogula adziwa khomo limene akagogode. Koma m'caka ca 1987 nyumba ya Vuitton inalowa m'kampani yaikuru yochedwa LVMH, imene mtsogoleri wace ndi Bernard Arnault, ndipo tsopano isunga maina ochuka oposa 70, ena mwa iwo Dior. M'caka ca 2023 kampaniyi inagulitsa katundu wa mayuro 86 biliyoni, ndiko kuposa kangapo konse cuma ca dziko la Malawi ca caka comweco. Dzina la mmisiri lasanduka munda waukuru wa eni ndarama.

3. GAWO LOYAMBA: CIKOPA

Zikwama zambiri zisokedwa ndi cikopa ca mwana wa ng'ombe, cofufutidwa bwino ndi kunyikidwa mu utoto. Koma zokwera mtengo koposa ziri za cikopa ca ng'ona, ndipo apa nkhani ya ku Paris ifika pafupi ndi kuno. Mwa mitundu ya ng'ona imene Hermès agwiritsa nchito muli ng'ona yomweyo imene asodzi aiopa mu Shire, m'Nyanja ya Malawi ndi mu Zambezi. Cikwama ca cikopa cace cizindikirika ndi timadontho tiwiri todindidwa pafupi ndi dzina la nyumbayo.

M'mbali mwa nyanja ya Kariba, ku Zimbabwe, kampani ya Padenga iri ndi makola a ng'ona, ndipo zikopa zace zambiri zimka kwa amisiri a zikwama a ku Ulaya. Mazira aswedwa m'nyumba zotentha, ndipo tiana tileredwa m'maiwe omangidwa kwa zaka ziwiri kapena zitatu. Cofunidwa ndico cikopa ca kumimba, cimene mamba ace ali osalala ndi ondandalikana bwino. Cipsera cimodzi, ngakhale ca dzino la ng'ona inzace, citsitsa mtengo wace. Cotero anchito a kumeneko asamala khungu la nyama yolusayo monga mai asamala khanda. Ng'ona ikaphedwa, cikopa cithiridwa mcere ndi kumangidwa cizindikiro ca nambala, monga mwa pangano la maiko lochedwa CITES, limene linasainidwa ku Washington m'caka ca 1973 kuti malonda asathe nyama za m'chire. Cikatero citumizidwa kunja cisanafufutidwe.

M'caka ca 2015 bungwe loteteza nyama lochedwa PETA linaturutsa zithunzi za kaphedwe ka ng'ona m'makola ena a ku Texas ndi ku Zimbabwe. Jane Birkin ataziona anapempha kuti dzina lace licotsedwe pa zikwama za ng'ona kufikira kaphedweko katakonzedwa, ndipo nkhaniyo inatha caka comweco nyumba ya Hermès itamlonjeza malamulo okhwima kwa oweta. Mkazi ameneyu anacita cinthu cimene ogula ambiri sacita: anafunsa kumene cinthu cochedwa ndi dzina lace cicokera.

M'caka ca 2017, ku Hong Kong, cikwama cimodzi ca ng'ona ya mtundu uno, cokhala ndi loko wa golidi ndi daimondi, cinagulidwa ndi madola oposa 370,000. Pa ndarama zotere gawo lotsala m'mbali mwa Kariba liri laling'ono ndithu. Mlimi wa fodya kapena wa thonje sadzadabwa nazo, pakuti adziwa kale kuti katundu woturuka m'dziko ali wosakonzedwa asiya phindu lace lalikuru kumene akamkonzera.

4. GAWO LACIWIRI: MANJA

Gawo ili ndilo loyenera ulemu. Ku Hermès cikwama cimodzi cisokedwa ndi mmisiri mmodzi kuyambira paciyambi kufikira pamapeto, m'nyumba za nchito za ku France komweko, ndipo cimtengera maora oposa 15. Asanaloledwe kugwira cikopa ca mtengo, aphunzira koposa caka. Kasokedwe kace ndi komwe kaja ka zishalo: ulusi umodzi wa bafuta wopakidwa phula la njuci, ndi singano ziwiri, ina ku nsonga iyi, ina ku nsonga iyo. Mmisiri aboola cikopa ndi kacitsulo kosongoka, napisa singano zonse ziwiri m'bowo limodzi, ina kucokera kuno, ina kucokera uko, nakoka. Makina sasoka motero. Msoko wa makina ukaduka pamodzi uyamba kumasuka. Koma msoko wa singano ziwiri ukaduka mbali imodzi, mbali inayo igwirabe. Potsiriza mmisiri adindapo cizindikiro cace, kuti cikwamaco cikadzabwera kudzakonzedwa zitapita zaka zambiri, cidziwike mwini nchito yace.

Koma si dzina liri lonse lochuka limene liri ndi manja otere kumbuyo kwace. M'mwezi wa June caka ca 2024, bwalo la milandu la ku Milan, m'dziko la Italy, linaika munthu woyang'anira kampani ina ya Dior yopangitsa zikwama. Apolisi anapeza kuti nchitoyo inkapatsidwa kwa tinyumba ta nchito ta kunja kwa mzinda, mmene anthu obwera, ambiri a ku China, ankasoka usana ndi usiku, nagona pomwepo pa nchito. Ena analibe zikalata zowaloleza kukhala m'dzikomo, ndipo zitsulo zochinjiriza manja zinacotsedwa pa makina kuti nchito ifulumire. Zikalata za bwalolo zinaonetsa kuti pa cikwama cina osokawo ankalipidwa mayuro 53, kupatulapo mtengo wa cikopa, ndipo m'sitolo cinkagulidwa ndi mayuro 2,600. Miyezi iwiri m'mbuyo mwace bwalo lomwelo linacita cimodzimodzi ndi kampani ina ya Giorgio Armani. Bwalo silinazenge eni mainawo mlandu wozunza anthu ndi manja ao, koma linati sanayang'anire amene anawapatsa nchito. Ndipo linacotsa woyang'anira wa ku Dior uja kumayambiriro a 2025, litaona kuti akonza kacitidwe kao.

Tsono zikwama ziwiri zingathe kuwala mofanana pa galasi la sitolo, cina cocokera m'manja a mmisiri wolipidwa bwino, cina m'manja a munthu wogona pansi pa makina. Mtengo waukuru si umboni wakuti wanchito analandira zace. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

5. GAWO LACITATU: DZINA

Cikopa ndi manja zikacotsedwa, cotsala cimka ku lendi wa masitolo a m'misewu yodula, ku zithunzi za malonda, kwa anthu ochuka olipidwa kuti aoneke atanyamula katunduyo, ndi ku phindu la eni ace. M'caka ca 2024 Hermès anagulitsa katundu wa mayuro 15 biliyoni, ndipo pa mayuro 100 ali onse, ngati 40 anatsala phindu msonkho usanacotsedwe. Wogulitsa pa msika wa kuno akapindula gawo lotere, anzace ayesa kuti ali ndi mankhwala.

Mankhwala ace ndiwo kusowetsa. Munthu sangangolowa m'sitolo ya Hermès ndi ndarama m'manja ndi kuturuka ndi Birkin. Wogulitsa ndiye asankha amene amuonetse cikwamaco. M'caka ca 2024 anthu ena a ku California anakasuma ku bwalo, nati akakamizidwa kugula nsapato, mipango ndi zina kuti ayesedwe oyenera. Woweruza anautaya mlanduwo caka cotsatira. Kampani ya Burberry ya ku England inaulula m'caka ca 2018 kuti m'caka cimodzi inatentha zobvala, zokometsera ndi mafuta onunkhira za mapaundi oposa 28 miliyoni, zosaonongeka konse, poopa kuti zingagulitsidwe mochipa ndi kutsitsa dzina. Anthu atadandaula kwambiri, inaleka mcitidwewo caka comweco. Ndipo dziko la France linakhazikitsa lamulo m'caka ca 2020 loletsa kuononga katundu wotsala m'masitolo.

Cifukwa ninji munthu alola kulipa motero? Katswiri wina wa za cuma wa ku America, Thorstein Veblen, anafotokoza kale m'caka ca 1899 kuti pali katundu amene anthu amgula kuti anzao aone kuti iwo angathe kumgula. Cimanga cikakwera mtengo, ogula adandaula; koma katundu wotere akakwera mtengo, ena ndi pamene amfunitsa, pakuti mtengowo ndiwo uthenga wace. Cikwamaco cinyamula makiyi ndi kalirole, komanso cinyamula mau akuti mwini wace sali ngati ena.

Eni malonda adziwanso kuti olemera kwambiri ali ocepa, koma ofuna kuoneka olemera ali osawerengeka. Diresi losokedwa mwapadera ku Paris ligulidwa ndi akazi owerengeka pa dziko lonse. Cifukwa cace dzina lomwelo liikidwa pa tinthu tating'ono, lamba, kabotolo ka mafuta onunkhira, magalasi a dzuwa, timene kalaliki wa mu ofesi angatifikire akadzimana miyezi ingapo. Ndipo magalasi a maina osiyana, monga Chanel, Prada ndi Armani, apangidwa ndi kampani imodzi yomweyo, EssilorLuxottica, imene ilipa eni mainawo kuti iwalembe pa katundu wace. Manja ndi amodzi. Maina ndiwo asiyana.

6. ZONYENGA ZA M'MISIKA

Pamene dzina lalemera kuposa cikopa ndi manja, pamenepo mbala ipeza pokolola, pakuti kufanizira luso la mmisiri nkobvuta, koma kudinda malemba awiri nkwapafupi. Malemba amene Georges Vuitton anaika kuti atsekereze ofanizira ndiwo amene lero afaniziridwa kwambiri. Bungwe la maiko la OECD, pamodzi ndi ofesi ya maiko a ku Ulaya yosunga maina a malonda, linawerengera kuti m'caka ca 2019 katundu wonyenga wodutsa m'malire a maiko anafika pa madola 464 biliyoni, ndipo nsapato, zobvala ndi zacikopa zinali pakati pa zogwidwa kawirikawiri.

Cotero lamba wa dzina lalikuru wopacikidwa pa msika, wogulidwa ndi mtengo wa nkhuku ziwiri, sanaone Paris ciyambire. Kawirikawiri si wacikopa konse, koma wa pulasitiki yomatidwa pa nsaru, imene isendeka mvula imodzi isanathe. Wogula wataya gawo loyamba, pakuti palibe cikopa. Wataya gawo laciwiri, pakuti palibe luso, ndipo amene anampanga sadziwika ngati analipidwa. Watsala ndi gawo lacitatu lokha, ndilo dzina, ndipo dzinalo nlabodza. Pafupi pomwepo, pansi pa mtengo, pakhala mmisiri wa nsapato amene ndi ndarama zomwezo akadamsokera lamba wa cikopa ceniceni ca ng'ombe, wotha zaka khumi. Koma iye ampitirira, cifukwa pa lamba wace palibe malemba a Cizungu.

Wogula wosadziwa alibe mlandu. Koma wogulitsa amene alumbira kuti cinthu nceniceni, akudziwa kuti nconyenga, nalandirapo mtengo wa ceniceni, ameneyo wanama ndipo waba.

7. ZIMENE MKRISTU ANGATOLEPO

Kukongola si cimo. Mai amene acapa ndi kusita citenje cace ca Lamulungu, mkwati amene adzikometsa pa tsiku la ukwati wace, mnyamata amene apukuta nsapato zace, onsewa acita bwino, pakuti alemekeza tsikulo ndi anthu amene akomana nao. Ndiponso cinthu colimba cogulidwa kamodzi ciposa cosalimba cogulidwa kasanu. Bvuto liyamba pamene cokometsera cisanduka muyeso woyesera anthu.

Coyamba, ulemu upite ku manja. Papa Leo XIII, m'kalata yace ya Rerum Novarum ya 1891, anaphunzitsa kuti wanchito ayenera malipiro omkwanira kukhala ndi moyo woyenera munthu, ngakhale njala itamkakamiza kubvomera ocepa. Mlandu wa ku Milan suli kutali monga uonekera. Amene anenerera telala kufikira atagwira nchito yaulere, kapena atenga diresi la ukwati nazengereza kulipa miyezi isanu, kapena agula nsapato zatsopano wanchito wa pakhomo pace asanalandire za mwezi, ameneyo wacita pang'ono cimene ena anacita pacikuru.

Caciwiri, dzina lisagulidwe ndi ngongole. M'maparishi ambiri mudziwika mabanja amene anayamba ndi phwando loposa mphamvu zao, nadya zaka ziwiri zoyamba akubweza katapila, ndi ana amene anabwezedwa ku sukulu m'nyumba momwe munalowa wochi watsopano. Muyeso wace ngwapafupi: cinthu cimene munthu sakadacigula cikadakhala kuti palibe wocionera, ameneyo sanadzigulire yekha, wagulira maso a anthu, ndipo maso a anthu sakhuta.

Cacitatu, pa khomo la chalichi pasakhale sikelo ya zobvala. Kalata ya Yakobo Woyera, pa mutu waciwiri, idzudzula kale mpingo umene upatsa malo abwino munthu wa mphete yagolidi ndi kukankhira kumbuyo waumphawi. Mkristu mmodzi akaleka kudza ku Misa cifukwa alibe cobvala conga ca anzace a m'bungwe, bungwe limenelo lidzifunse.

Eklezia mwini anayenera kudzifunsa funso lomweli. Papa Paulo VI, pa tsiku la kubvekedwa kwace m'caka ca 1963, analandira cisoti ca nsanjika zitatu, casiliva ndi golidi ndi miyala ya mtengo, cimene Akristu a ku Milan, kumene iye anali Arkiepiskopi, anampangitsira. Pa 13 November 1964, pamaso pa Aepiskopi osonkhana pa Msonkhano waciwiri wa Vatican, anatsika pa mpando wace, nacitula pa guwa la m'chalichi ca Petro Woyera, nacipereka cifukwa ca amphawi. Cisotico cisungidwa lero m'chalichi cacikuru ca Amai Maria ku Washington, ndipo kuyambira pamenepo palibe Papa wina amene anabvekedwa cisoti cotere. Iye sanacepe nako kutulako, pakuti ulemu wace sunali m'cisotimo.

Za cikwama ca ku Paris cija patsala mau amodzi. Jane Birkin sanacisunge m'galasi. Anacinyamula tsiku ndi tsiku zaka ngati khumi, nacidzaza kufikira kupindika, ndipo m'caka ca 1994 anacipereka kuti cigulitsidwe, ndarama zace zithandize odwala Edzi. Kwa mwini wace cinali cikwama cabe. Mamiliyoni aja anawonjezapo ndi anthu ena, iye atamwalira.

MAFUNSO OTHANDIZA APHUNZITSI POKAMBIRANA M'MIPHAKATI

1. Magawo atatu a mtengo wa cokometsera ndi ati? Ndi gawo liti limene liyenera ulemu, ndipo cifukwa ninji?

2. Msoko wa singano ziwiri usiyana bwanji ndi msoko wa makina? Ndi amisiri ati a m'mudzi muno amene nchito yao iri yolimba koma anthu aipeputsa?

3. Bwalo la ku Milan linapeza ciani? Kodi munthu angacite bwanji colakwa comweco kwa telala, kwa waganyu kapena kwa wanchito wa pakhomo?

4. Wogula lamba wonyenga wataya ciani, ndipo watsala ndi ciani? Nanga wogulitsa alakwa pati?

5. Kodi alipo m'mphakati muno amene analeka kudza ku mapemphero cifukwa ca manyazi a zobvala? Ndani adzamyendera sabata lino?